Nyimbo Imene Sinatsegule Zitseko za Ndende

Tonse tidziwa mbiri ya Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi, monga tiiwerenga m'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 16. Anthu awiriwo anakwapulidwa ndi kumangidwa, koma usiku analikuyimba. Ndipo dziko linagwedezeka, ndende niitseguka. Mbiri imeneyi tiikonda, pakuti m'menemo nyimbo ndi cipulumutso zifika pa usiku umodzi womwewo. Koma mwezi uno tifuna kukamba za andende ena amene anayimbanso, ndipo dziko silinagwedezeke, ngakhale citseko cimodzi sicinatseguke, ndipo oposa theka la oyimbawo anafera m'kati mwa mpanda. Funso lathu ndi ili: kodi nyimbo yotere inapindulanji?

Mbiri ya andende amenewa yaikidwa m'sewero la pa kanema lochedwa Paradise Road, ndiko kunena kuti Njira ya ku Paradaiso. Seweroli linaturuka m'caka ca 1997, ndipo amene analilemba ndi kulikonza ndiye Bruce Beresford wa ku Australia. Tiyesa kuti liyenera kuweruzidwa m'masamba ano pa zifukwa ziwiri. Coyamba, anyamata athu aonera masewero ambiri a nkhondo m'tinyumba ta kanema ta pa misika, momwe munthu mmodzi wa mfuti apha adani mazana osalasidwa iye mwini. Ndipo nkwabwino kuti adziwe kuti nkhondo iri ndi nkhope yina, imene akazi ndi ana aidziwa koposa. Caciwiri, nkhondo imene inagwira akazi amenewa siiri yacilendo konse kwa ife, popeza makolo athu a K.A.R. ocokera ku Nyasaland anamenyana ndi Ajapani omwewo m'nkhalango za ku Burma m'caka ca 1944.

Tiyambe ndi zimene zinacitikadi, pakuti sitingathe kuweruza sewero tisanadziwe mbiri imene linacokerako. M'mwezi wa Disembala 1941 Ajapani analowa m'dziko la Malaya, natsika msanga kumwera kufikira ku Singapore, mudzi waukuru wa pa doko, umene Angerezi anauyesa linga losagonjetseka. Mudziwo unagwa pa 15 Febuluwale 1942. Masiku otsiriza usanagwe, akazi ndi ana anawakweza m'zombo mofulumira kuti athawe. Koma ndege ndi zombo za nkhondo za Ajapani zinawapeza pa nyanja, pafupi ndi cilumba ca Bangka, m'mbali mwa Sumatra. Dziko limenelo lero lichedwa Indonesia, koma masiku amenewo linali m'manja mwa a ku Holland.

Combo cina, dzina lace Vyner Brooke, cinanyamula pakati pa othawawo anamwino 65 a ku Australia, ndipo cinamizidwa pa 14 Febuluwale. Anamwino 12 anatayika m'madzi. Pa 16 Febuluwale asilikari a Japan anapeza gulu lina la opulumuka pa gombe la Bangka, nalamula anamwino 22 kuti alowe m'nyanja, nawaombera kumbuyo ndi mfuti. Anafa 21, mmodzi yekha, Vivian Bullwinkel, anatsala ndi moyo ali ndi bala, ndipo ndiye anacitira umboni nkhondo itatha. Mwa anamwino 65 aja, amene anabwerera kwao anali 24 okha.

Akazi amene anagwidwa amoyo anawatsekera pamodzi ndi akazi a ku Holland ndi a mitundu yina, poyamba ku Muntok pa cilumba ca Bangka, pambuyo pace ku Palembang m'Sumatra. M'Okotobala 1944 anawabweza ku Muntok, ndipo m'Epulo 1945 anawatengera ku munda wa mitengo ya mphira wochedwa Belalau. Cakudya cao cinali mpunga pang'ono wa miyala ndi anankafumbwe, ndiwo zace kawirikawiri palibe. Anadwala malungo ndi kamwazi, ndi nthenda yotupitsa miyendo yochedwa beriberi, imene idza kwa munthu wakudya mpunga woyera wokhawokha. Kumapeto, akaziwo anakumba okha manda a anzao, nanyamula okha mitembo.

Pakati pao panali akazi awiri amene seweroli laimikidwa pa iwo. Woyamba ndiye Margaret Dryburgh, mwana wa mbusa wa Presbyterian, wobadwa ku Sunderland m'dziko la England m'caka ca 1890. Iye anapita ku China monga mmishoni m'caka ca 1919, napitirira pambuyo pace ku Singapore, kumene anayang'anira sukulu ya asungwana. Mai ameneyu anali ndi mphatso yozizwitsa ya kukumbukira nyimbo: imene anaimva kale anakhoza kuilemba yonse pa pepala wopanda buku. Waciwiri ndiye Norah Chambers, amene anaphunzira za nyimbo ku Royal Academy of Music mu London. M'sewero maina ao asinthidwa: Dryburgh achedwa Margaret Drummond, ndipo amsewera ndi Pauline Collins, Chambers achedwa Adrienne Pargiter, ndipo amsewera ndi Glenn Close.

Nchito imene awiriwa anacita ifuna kuti tiifotokoze. Ku Ulaya kuli nyimbo zazitali zopanda mau, zimene aziyimba ndi zoyimbira zambiri pamodzi, azeze akuru ndi ang'ono, zitoliro ndi malipenga. M'ndende munalibe ngakhale coyimbira cimodzi. Tsono Dryburgh analemba nyimbozo kucokera m'mutu, pa tizidutswa ta mapepala, ndipo iye ndi Chambers anazigawa m'mau anai, monga ticita m'makwaya athu, koma onse anai a akazi. Ndipo pakhosi pa munthu panagwira nchito ya zeze ndi ya citoliro. Popeza alonda analetsa misonkhano, anaphunzira m'timagulu, mobisika. Pa 27 Disembala 1943, ku Palembang, akazi 30 anayimba koyamba pamaso pa andende anzao, ndipo nyimbo imene ikumbukika koposa ya tsiku limenelo ndiyo gawo lofatsa la nyimbo yaikuru ya Antonín Dvořák, wa ku dziko la Aceki.

Tsopano tione zimene seweroli lacita bwino, ndipo tipeza zitatu.

Coyamba, siliyesa akaziwa oyera mtima. Liyamba ndi madyerero m'hotela ya Raffles ku Singapore, pamene azungu obvala bwino alikubvina ndi kunyoza Ajapani kuti sadziwa nkhondo, kufikira mabomba ayamba kugwa panja. Kunyada kumeneku akaziwa alowa nako m'ndende. Mkazi wa bwana ayesabe kuti ali mkazi wa bwana, ngakhale agona pa nsungwi pamodzi ndi amene kale sakadamlonjera. Angerezi ndi a ku Holland akayikirana, ndipo tsiku lina amenyana ndithu cifukwa ca sopo wotayika. Ena adzaseka poona anthu akuru akumenyanirana sopo, koma amene anapyola m'caka ca njala sadzaseka, pakuti adziwa kuti umphawi ukafika pa khosi, mnansi akhoza kusanduka mdani cifukwa ca citsononkho cimodzi. Ngakhale Adrienne mwini abvomereza kwa Margaret kuti ku Singapore anthu a mtundu wace anaphunzitsidwa kupeputsa amishoni. Beresford wacita mwanzeru potionetsa poyamba nthenda imeneyi ya magawano, cifukwa popanda kuiona sitikadazindikira cimene nyimbo inadzacita.

Caciwiri, seweroli litithandiza kumvetsa cifukwa cace nyimbozo zinayenera kukhala zopanda mau. Zikadakhala za Cingerezi, a ku Holland akadati nza eni ace. Zikadakhala za cinenero ca ku Holland, Angerezi akadakhala pansi. Koma nyimbo yopanda mau iribe mbendera, ndipo mlonda sangapezemo liu lakuti alinenere mlandu. Pa kuyimba koyamba kuja, seweroli lionetsa alonda akudza ndi mfuti kudzabalalitsa msonkhano. Ndipo pamene mau ayamba kukwera pang'onopang'ono, iwo aima, nakhala cete. Wojambula sacita cangu pamenepa. Atiyendetsa pa nkhope za oyimba ndi za omvera, imodzi imodzi, zoonda ndi zakuda ndi pfumbi, natilola kumva nyimbo kufikira ithe. Tiyenera kudziwanso kuti mau amene timva m'kanemamo ndi a kwaya ya akazi yochedwa Malle Babbe ya ku Haarlem m'dziko la Holland, ndipo ayimba motsata mapepala enieni amene anaturuka m'ndende muja. Cotero pa mphindi zimenezi sitirikumva zopeka. Tirikumva cimene akazi anjalawo analemba ndi manja ao. Gawo limeneli lokha likwanira kulipira nthawi ya munthu woonera.

Cacitatu, seweroli liika pamaso pathu mirandu yobvuta ya cikumbu mtima, ndipo silifulumira kugamula. Muli mkazi Myuda wothawa ku Germany, wochedwa Verstak, amene amsewera Frances McDormand. Iye ayang'anira odwala monga dotolo, ndipo azula mano a golidi m'kamwa mwa akufa, nawagulitsa kwa alonda kuti apeze mankhwala a amoyo. Kumapeto aulula kuti sanaphunzire konse za udotolo wa mankhwala. Kodi tidzati wabodza ndi wakuba za akufa, kapena tidzati anapulumutsa ambiri? Mulinso tsiku limene akazi acitsikana awatengera ku nyumba ya akuru a asilikari, nawaonetsa cakudya, madzi otentha ndi zogonera zoyera, nati zonsezi nzanu mukalola kukhala akazi a asilikari. Ena akana, ena alola, ndipo Topsy ayesedwa kwakukuru kuti alole, nanena poyera kuti afuna kukhala ndi moyo. Seweroli silimponya miyala, ndipo ife amene tidya kawiri pa tsiku ticenjere tisanatole mwala. Mlandu waukuru uli pa iye amene ayamba wamana munthu cakudya, nadza pambuyo pace kudzamgula ndi cakudya comweco.

Pa zabwinozi tionjezepo kasewedwe ka Pauline Collins. Kawirikawiri amishoni a m'masewero akhala anthu okwinya nkhope, olalikira pamene pafunika kutunga madzi. Margaret wa m'seweroli sali wotero. Ali mai wamba, wanthabwala, wosasamala za maonekedwe ace, ndipo cikhulupiriro cace cioneka m'kupirira ndi m'nchito. Pamene Adrienne amfunsa ngati sada Ajapani, iye ayankha kuti anayesa koma alephera, ndi kuti pamene aonjeza kuipa, iye aonjeza kuwamvera cisoni. Mau otere akhoza kumveka onyenga m'kamwa mwa wosewera wosadziwa nchito, koma Collins awanena mopepuka, monga munthu wonena za mvula, ndipo tiwakhulupirira. Dryburgh weniweni analembanso nyimbo ya Mulungu yochedwa The Captives' Hymn, ndiko kuti Nyimbo ya Andende, imene inayimbidwa koyamba m'Julaye 1942, ndipo andende anapitirira kuiyimba pa mapemphero a tsiku la Sabata. M'sewero imveka pa maliro.

Koma sitikadakhala oweruza oona tikadaleka pamenepa. Seweroli liri ndi zilema, ndipo tichula zitatu.

Cilema coyamba ndi cakuti likonda nkhanza yooneka ndi maso koposa nkhanza yeniyeni imene inatha anthu. Lionetsa mkazi akutenthedwa wamoyo ndi petulo pamaso pa onse. Lionetsa namwino Susan, amene amsewera Cate Blanchett, atamgwaditsa pa dzuwa pakati pa zisonga, kuti akagwa alasidwe. Zoopsa zotere zigwira mtima msanga, ndipo sitikana kuti alonda a ndende zimenezo anali ankhanza. Koma cimene cinadzaza manda ku Muntok ndi ku Belalau sicinali moto kapena lupanga. Inali njala ya tsiku ndi tsiku, ndi malungo opanda kwinini. Imfa yotere iribe phokoso, ndipo ibvuta kuijambula, popeza zaka zitatu ndi theka azipanikiza m'maora awiri. Moto uoneka bwino pa kanema, koma mbale ya mpunga imene icepa mwezi ndi mwezi siioneka. Cotero woonera akhoza kuturuka akuganiza kuti coipa cacikuru ndi mlonda wokwiya, osazindikira kuti munthu wofatsa wokhala pa tebulo, amene alemba muyeso wa cakudya, akhoza kupha ambiri koposa. Ndiponso, popeza maina asinthidwa ndi zoona zasanganizidwa ndi zopeka, munthu sadziwa pamene mbiri ithera ndi pamene luso la wolemba liyambira. Ndipo kuphedwa kwa anamwino pa gombe la Bangka, kumene kunacitikadi, seweroli silikuonetsa.

Cilema caciwiri citikhudza ife koposa. Mkazi wotenthedwa uja ndi wa mtundu wa ku China, dzina lace Wing. Mlandu wace ndi wakuti anaturuka mpanda usiku kukafuna kwinini wa mai wina wa Cingerezi, amene masiku onse anamnyoza cifukwa ca khungu lace. Iyi ndi nchito ya cikondi yoposa zonse m'sewero lonse. Koma za Wing sitiuzidwa kanthu: kwao nkuti, anasiya yani, analingalira ciani pokwawa pansi pa waya. Aoneka kanthawi, nafa, ndipo imfa yace igwira nchito ya kuphunzitsa azungu kudzicepetsa. Momwemonso eni dziko la Sumatra aoneka patali, monga mitengo ya m'mbali mwa njira. Koma nkhondo imeneyo inawasautsa iwonso kwakukuru. Amuna ambirimbiri a ku Java ndi zilumba zina anagwidwa thangata wa Ajapani, nafera ku nchito. Ndipo akazi ocuruka a ku Korea, ku China, ku Philippines ndi ku Indonesia anawatsekera m'nyumba za asilikari mokakamiza, osafunsidwa monga Topsy afunsidwa m'sewero. Ngakhale ena a ku Holland zinawagwera, monga Jan Ruff-O'Herne, amene anagwidwa cotero ku Semarang m'caka ca 1944, nadzaulula poyera m'caka ca 1992. Sitinena kuti sewero limodzi linyamule zonse. Koma ife amene makolo athu ananyamula mfuti ndi akatundu m'nkhondo imeneyo, ndipo m'mabuku ambiri a azungu achulidwa m'mizere yocepa, tizindikira msanga pamene munthu waikidwa m'nkhani kuti angokhala makwerero a wina.

Cilema cacitatu ndico cacikuru, ndipo citibweza ku funso lathu. Seweroli liyesedwa kuti lisandutse nyimbo ikhale mankhwala ofewetsa mdani. Muli sajeni wankhanza amene akaziwo amucha Njoka. Tsiku lina atenga Adrienne yekha kunka naye m'nkhalango, ndipo ife ndi Adrienne yemwe tiyembekeza coipa. Koma Njoka akhala pansi, nayimba nyimbo ya kwao, nafuna kudziwa ngati wayimba bwino. Gawo limeneli ndi lokoma, ndipo liri ndi coonadi cace: mlondayo ndi munthu, ali ndi mudzi umene aukumbukira, ndipo Mjapani sali cirombo monga Mngerezi sali mngelo. Koma muli msampha. Woonera akhoza kuganiza kuti munthu wokonda nyimbo sangakhale woipa kwenikweni, ndi kuti akaziwo anagonjetsa adani ao ndi kuyimba. Mbiri ikana zimenezi. Alonda anamvera nyimbo, ndipo m'mawa mwace anakwapulanso. Muyeso wa mpunga sunakule. Kwaya ija inaleka kuyimba, osati cifukwa inatsiriza nchito yace, koma cifukwa oyimba anatha ndi imfa. Margaret Dryburgh mwini anamwalira ku Belalau pa 21 Epulo 1945, itatsala miyezi inai kuti nkhondo ithe. Tidziwa ngakhale m'midzi mwathu kuti munthu akhoza kulira misozi pomva nyimbo m'chalichi, nakamenya mkazi wace madzulo a tsiku lomwelo.

Komabe tinene zoona: Beresford afika m'mphepete mwa msampha umenewu, koma sagweramo thupi lonse. Gawo lotsiriza la seweroli ndi lowawa ndi loona. Nyimbo zicepa, manda acuruka. Rosemary, amene anapirira zonse poyembekeza mwamuna wace, ataya mtima atamuona ali m'manja mwa adani, nafa. Margaret nayenso afa. Pa maliro ace akaziwo alibe mphamvu ya kuyimba. Tsono atola miyala ndi timitengo, nayamba kugogoda mayendedwe a nyimbo imodzi imene anaiyimba kale, ya Maurice Ravel wa ku France, pamaso pa msilikari wowanyoza. Palibe citseko cimene citseguka. Pali anthu ofoka okha, akugogoda pamodzi, mosaphonyana. Pamenepa seweroli lanena coona cimene m'magawo ena linafuna kucikometsera.

Nanga tsono, nyimbo imene siinatsegule zitseko inapindulanji? Ife tiyankha motere. Colinga ca ndende yotere sindico kumanga thupi lokha. Tsiku ndi tsiku akaziwo anawaimika m'mizere pa dzuwa kuti awerengedwe, nawakakamiza kuwerama pamaso pa mlonda ali yense. Ndipo munthu wowerengedwa masiku onse monga mbuzi ayamba kudziyesa mbuzi. Njala nayonso iri ndi nchito yace: iphunzitsa munthu kuyang'ana mbale ya mnzace ndi diso loipa, kufikira ali yense atsala yekha. Makolo athu anati, kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Tsono taonani cimene kuyimba kwa mau anai kufuna kwa munthu. Ayenera kufika pa nthawi yace. Ayenera kusunga gawo lace, ngakhale wa pambali pace alikuyimba lina. Ayenera kuchera khutu kwa mkazi yemwe uja anamenyana naye dzulo cifukwa ca sopo, napuma pamene iye apuma. Sangayimbe nyimboyo yekha, ndipo anzace sangaiyimbe popanda iye. Kwa munthu amene auzidwa tsiku lonse kuti sali kanthu, kudziwa kuti akapanda kufika nyimbo idzaperewera ndi cinthu cacikuru ndithu. Nyimbo siinaletse imfa, koma inaletsa akaziwo kufa asanafe.

Cinthu cimeneci sicacilendo kwa ife. Pamene amai a Cigwirizano kapena a Mvano acezera usiku wonse pa siwa, nayimba kufikira kuca, palibe mmodzi wa iwo amene ayembekeza kuti womwalirayo adzuka m'mawa. Koma ndani adzanena kuti anataya tulo cabe? Ofedwa adziwa cimene alandira. Cifukwa cace tikhulupirira kuti amai a m'midzi mwathu adzalimvetsa seweroli msanga koposa ophunzira ena amene afuna kuti cinthu ciri conse cionetse phindu lace lowerengeka.

Palinso phunziro lina limene seweroli lilikhudza pang'ono, ndipo tikadakonda likadalikulitsa. Akazi ena analowa m'ndende ndi ndalama ndi mphete, ndipo zinatha, zina kulandidwa, zina kugula mazira. Margaret Dryburgh analowa ndi zimene anasunga m'mutu kuyambira ubwana wace, ndipo palibe mlonda amene anakhoza kuzipeza pofufuza akatundu. Cuma cimeneco cinadyetsa mazana a anthu. Masiku ano, pamene nyimbo ndi mau onse tazisungitsa m'mafoni, ndipo ana athu saloweza kanthu popeza ayesa kuti adzazipeza pomwepo, nkoyenera kudzifunsa kuti tikalandidwa zonse za m'manja, cidzatsala nciani m'kati mwathu cimene tingagawire anzathu.

Japan inagonja pa 15 Ogasiti 1945, koma akazi a ku Belalau anauzidwa pa 24 Ogasiti. Mmodzi wa anamwino opulumuka, Betty Jeffrey, anasindikiza m'caka ca 1954 buku lochedwa White Coolies, locokera m'zimene analemba mobisa ali m'ndende. Mmodzi wa oyimba, Antoinette Colijn wa ku Holland, anasunga mapepala ace a nyimbo zaka zambiri, nawapereka ku sukulu yaikuru ya Stanford ku California. Ndipo m'caka ca 1982 kwaya ya akazi ya kumeneko, Peninsula Women's Chorus, inaziyimbanso. Mbale wace Helen Colijn analemba mbiri yonse m'buku lochedwa Song of Survival. Kucokera m'maumboni otere ndimo seweroli linabadwa. Motero nyimbozo zinaturuka m'ndende, ngakhale ambiri a eni ace sanaturuke.

Ciweruzo cathu ndi ici. Paradise Road siliri sewero langwiro. Licurukitsa anthu kotero kuti ena sitiwadziwa bwino, lithamangira zoopsa zooneka, ndipo liiwala eni dziko limene nkhaniyo inacitikira. Koma pa cinthu cacikuru silinama, ndipo masewero a nkhondo amene tinganene cotero za iwo ndi owerengeka. Ana ang'ono asaliwonere, cifukwa ca nkhanza zimene zirimo. Koma akuru, makamaka atsogoleri a makwaya ndi a misonkhano ya amai, akalipeza aliwonere pamodzi, ndipo atatha akhale pansi nakambirane za Verstak, za Topsy ndi za Wing, ali yense anene cimene iye akadacita.

Ndipo pamene tidzawerenganso za ndende ya ku Filipi, tikumbukire kuti Paulo ndi Sila anayamba kuyimba asanadziwe kuti dziko lidzagwedezeka. Akazi a ku Palembang anayimba momwemo, ndipo kwa iwo silinagwedezeke. Ife tiyesa kuti nyimbo yao siinacepe pa cifukwa cimeneco.